Zenera la a Kalisto

Lamulungu lapitali tidachita misa ya chaka ya atsibweni anga, a Kalisto Mbewe, ku Fonte Boa. Anthu adabwera ndithu, ena wapansi ena panjinga, mpaka a ku Lifidzi. Titatuluka m'tchalitchi ndidamva amayi awiri akukangana chapansipansi pafupi ndi poimika njinga. Wina ankati malemuwo adathandiza anthu ambiri, mnzakeyo n'kumati inde, adathandiza ambiri kukafera kunyumba. Ine sindidalowererepo. Mwini wakeyo akadakhalapo akadavomerezana ndi wachiwiriyo, chifukwa zaka zitatu zomaliza za moyo wawo zidathera pa funso limodzi: kodi a Dominiko, akatekisita athu aja, akadafa chaka chimene adafacho atsibweni akadapanda kuwauza kuti abzale nyemba?

Wa kuno wamva kale zimene ndikunena. Wa kutali ndimuyambire pa zenera.

Atsibweni sadali dotolo, ngakhale unamwino sadauphunzire. Adalekezera kwarita kalasi, kalasi yachinayi, kwa apadiri n'kulowa userevente ku chipatala ku Ulongwe, kukolopa ndi kunyamula odwala. Kenako adawaika m'kachipinda kamdima kotsukira zithunzi za m'chifuwa, zija timati mashapa, ndipo kupatula zaka za nkhondo zimene tonse tidakakhala ku Dedza, adakhala m'menemo mpaka imvi. Ntchito yawo idali kuviika shapa m'mankhwala, kuitsuka, kuiyanika, n'kukaipereka kwa dotolo. Koma munthu wake sadali wopereka chinthu n'kutembenuka. Ankaima kumbuyo kwa dotolo ngati akudikira kutumidwa, maso ali pa shapa, makutu ali pa zimene wodwala akuuzidwa. Ndiye popeza kuno timadziwana tonse, ankadziwanso zimene zidatsatira: uyu adachira n'kukwatiranso, uyu tidamuika mvula isanagwe. Madotolo ankabwera n'kumapita, ena osamva n'komwe Chinyanja. Amene ankaona chiyambi ndi mathero a shapa iliyonse adali a Kalisto okha. Ankakonda kunena zimenezi, ndipo ankazinena kawirikawiri kuposa mmene ife tinkafunira kuzimva.

Atalowa refoloma, kupuma pa ntchito, adabwera kumudzi ndi galasi loyera ngati mkaka, lochokera pa bokosi lakale loonera mashapa limene lidatayidwa litatha ntchito. Adaboola khoma la kum'mawa la chipinda chochezera n'kuliika pamenepo. Kuwala kumalowa bwinobwino, koma kuona panja simungaone. Akazi awo, a Rozariya, sadalikonde kuyambira tsiku loyamba. Ankati zenera lanji loti mbuzi imalize ndiwo m'dimba iwe uli chiyang'anire osaona kanthu. Adasoka kolotina, nsalu yotchinga pa zenera, ya maluwa ofiira kuti mwina nyumba ioneke ngati ya anthu, atsibweni n'kuiletsa. Ikapachikidwa madzulo, m'mawa inkapezeka itapindidwa bwino pampando. Nkhondo ya kolotina imeneyi idatha zaka zambiri popanda wopambana.

Anthu adayamba kubwera okha, osaitanidwa. Ku chipatala dotolo amakhala ndi mzere wofika panja, alankhula Chipwitikizi mawu atatu, akupatsa mankhwala kapena giya, kalata yoti upite nayo ku chipatala chachikulu kutali, basi wotsatira alowe. Munthu amatuluka ndi shapa yake m'manja asakudziwa ngati ayenera kusiya munda n'kuyamba ulendo, kapena kukhala pansi n'kukonza za ana. Ndiye ankaikulunga m'chitenje n'kubwera nayo kwa a Kalisto.

Adali ndi malamulo awo, ndipo sankawasinthira munthu, kaya ndi mfumu. Ankaona mashapa m'mawa mokha, dzuwa lisanakwere denga. Tsiku la nkhungu, mwa masiku athu ozizira aja, ankakubwezani ngakhale mutachokera ku Kalomwe wapansi. Sankalandira kanthu kupatula fodya wa chingambwe, amene ankapichira m'khoko la chimanga n'kumasuta kuyambira kudzuka mpaka kugona. Lamulo lalikulu lidali la mashapa awiri. Ankati shapa imodzi imangokuuza pamene munthu waima, siikuuza kumene akupita, ndiye wobwera ndi imodzi ankamuuza kuti adikire miyezi iwiri akajambulitsenso. Akakhala nawo onse awiri ankawagundika pagalasi moyandikana, n'kutulutsa m'thumba la malaya kansungwi kakang'ono kolembedwa mizere ndi mpeni, n'kuyeza mthunzi wa m'phapo, uku ndi uku. Ankatenga nthawi, akung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi, wodwala ali pa mphasa kumbuyo kwawo.

Mawu oti imfa sadatulukepo m'kamwa mwawo pa zenera limenelo. Ankakuuzani chobzala. Akati bzalani mtengo wa pichesi, ndiye kuti pitani mukamwe mankhwala anu a chifuwa chachikulu osadumphitsa, mudzadya zipatso zake. Akati bzalani chimanga, ndiye kuti masika muwaona, za kutsogolo tidzaonanso. Akati chaka chino bzalani nyemba, aliyense ankadziwa kuti nyemba sizichedwa m'munda. Munthu ankathokoza, n'kukulunga mashapa ake, n'kumapita. Ndinene chilungamo: a pichesi ambiri alipo mpaka lero, ena adali m'tchalitchi Lamulungu lija, onenepa. Ndipo a nyemba onse amene ine ndikuwadziwa adapitadi. Panalibe amene adafunsa ngati adapita chifukwa a Kalisto adaona bwino, kapena chifukwa atamva za nyemba sadapitenso kwina kulikonse.

Amene ankatsutsa poyera adali mmodzi, a Dominiko. Awiriwa adakhala benchi imodzi kwa apadiri ali ana, ndipo adakangana kuyambira pamenepo. A Dominiko akamaphunzitsa m'tchalitchi sankatchula dzina, koma ankati masiku ano kuli anthu ena oombeza ula ndi galasi, ofuna kuwerenga masiku amene Mulungu yekha adalemba. Mpingo wonse unkatembenuka kuyang'ana atsibweni, iwo ali phee, chipewa pa bondo. Pobwerera ankayenda njira imodzi, ndiye atsibweni ankabweza. Ankati iwo amanena za chinthu chimene achiona ndi kuchiyeza, pamene akatekisita amalonjeza anthu malo amene sadaonepo ngakhale pa chithunzi. Ankafika pa mphambano atatopa ndi kukangana, n'kutsanzikana bwinobwino, Lamulungu lotsatira n'kuyambiranso.

Ndiye chaka china a Dominiko adayamba kutsokomola. Makhololo adayezedwa, chifuwa chachikulu sichidapezeke. Mankhwala adamwa, thupi likungotha. Ku chipatala adawapatsa giya ya ku chipatala chachikulu. M'mawa wina tidangoona akatekisita akubwera pang'onopang'ono, akazi awo a Naphiri ali pambuyo ndi mashapa awiri m'chitenje. Ine ndidalipo, ndidabwera kudzatenga mbewu ya kachewere. Atsibweni sadaseke kapena kukumbutsa za ula, ndiwayamikire pamenepo. Adayeza nthawi yaitali kuposa masiku onse, ndipo nyimbo sadaimbe.

A Dominiko ndiwo adayamba. "Nena, Kalisto. Ndabwera ndekha, sudandiitane."

"Nyemba, Dominiko."

Akatekisita adagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu umene ankauyembekezera. Giya ija adaiika m'buku lawo la mapemphero, ndipo idakhala m'menemo. Adamwalira nyemba zikuyamba kuuma. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti galasi lagonjetsa katekisimu, ndipo ndikunena ine mwana wa mlongo wawo kuti atsibweni adalira mnzawo ndi mtima wonse, koma mawu amenewo adawamva, ndipo sadawanyanse.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Patapita zaka zingapo chifuwa chidawagwira atsibweni nawonso. Sadauze munthu. Adakwera njinga kupita ku Ulongwe ngati akukaona anzawo akale a kuntchito, n'kubwera ndi shapa. Adasunga lamulo lawo, adadikira miyezi iwiri, n'kukatenga yachiwiri. Adaziyeza okha chitseko chili chotseka. Masana ake, mvula yoyamba ili pafupi, akudya, adangoti chaka chino pakhomo pano tibzala nyemba zokha.

A Rozariya adasamba m'manja n'kutuluka. Mawa lake adatenga khasu ndi mbewu yonse ya chimanga imene idali m'nkhokwe n'kukabzala munda wa kumtunda, wonse, mpaka m'malire. Atsibweni atamva adapsa mtima kuposa mmene ndidawaonerapo. Ankati mkazi ameneyu akuwachititsa manyazi pamudzi, anthu aziti ngakhale m'nyumba mwake samukhulupirira. A Rozariya adayankha kuti iwo adakwatiwa ndi mwamuna, sadakwatiwe ndi galasi, ndipo kaya afa kaya safa anthu otsala adzafuna kudya. Kenako adaimbira foni mwana wawo Paulino, amene amagwira ntchito ku doko ku Beira. Paulino adati abwere, kumeneko kuli makina ojambula m'chifuwa amene amati taki. Atsibweni adakana sabata yathunthu. Chidawagonjetsa si mantha kapena misozi ya munthu, koma chidwi. Za taki adazimva kwa zaka zambiri osaiona. Adati akupita kukaona makina, osati kukachira, ndipo tisasokoneze ziwirizi. A Rozariya sakadasiya chimanga chawo, ndiye woperekeza ndidali ine.

Dotolo wake adali mayi wachitsikana, wochepa thupi, wa kwathu konkuno ku Tete, ndipo Chinyanja ankachilankhula. Atsibweni atamuona adandinong'oneza kuti ameneyu adabadwa iwo atatsuka kale mashapa odzaza ngolo. Adawagoneka pa kabedi, kabediko n'kulowa m'chibowo cha makina, n'kutuluka, basi zatha. Iwo adadzuka n'kutambasula dzanja kudikira shapa. Adawapatsa kadisiko m'kaenvelopu. Adakatulutsa, kukatembenuza, n'kupita nako pa zenera la m'khonde la chipatala, kukakweza ku dzuwa monga ankachitira masiku onse. Adaona nkhope yawo yokha. Ine ndidaseka, ndivomere, ndipo sadandilankhule mpaka madzulo.

Zithunzizo tidakazionera pa komputadolo ya dotolo. Iye adafotokoza kuti makinawo amaonetsa chifuwa chodulidwadulidwa mopyapyala, ngati mmene timadulira mbatata yoyanika, ndiye munthu amaona kagawo kalikonse pakokha, popanda nthiti kuphimba. Adatisonyeza chotupacho m'phapo la kumanja. Adati sayang'ana kukula kokha. Amayang'ana m'mphepete mwake ngati ndi mosalala kapena mwa minga, m'kati mwake ngati mwayamba kuola, anabere a pakati pa mapapo ngati atupa, ndiponso chiwindi ndi mafupa ngati matenda afikako. Kwa atsibweni anabere adali otupa, koma phapo linalo, chiwindi ndi mafupa zidali zoyera. Adawachotsanso kanyama ndi singano kukayeza, ndipo zotsatira zitabwera adatchula dzina lake mosabisa kuti ndi khansa.

Atsibweni ankafunsa mafunso ngati mwana wa kalasi yoyamba, ndipo dotoloyo ataona kuti mkuluyu akudziwa nthiti ndi mtima pa chithunzi adayamba kuwayankha ngati mnzake wa ntchito. Adawauza kuti kumaiko ena akuphunzitsa makina ndi zithunzi zambirimbiri za odwala amene mathero awo akudziwika, kuti makinawo akaona chithunzi chatsopano azinena ngati mankhwala angagwire kapena ayi. Atsibweni adaganiza pang'ono n'kunena kuti ndiye kuti makinawo nawonso ndi serevente, aima kumbuyo kwa dotolo n'kumaloweza amene adachira ndi amene adafa. Dotolo adaseka n'kuvomera. Koma adawonjeza kuti ngakhale makinawo salonjeza munthu mmodzi kanthu, amangoti mwa anthu a chithunzi chotere ambiri zimawayendera motere. Za iwo adati pali mwayi woti mankhwala achibweze chotupacho, kuchichotseratu ayi, ndipo adzadziwa bwino akadzajambulanso atalandira mankhwala maulendo angapo. Atamva za chithunzi chachiwiri atsibweni adandiyang'ana monyada, ngati lamulo limenelo dotolo waliba kwa iwo. Ndi chimene chidawakhazika ku Beira. Ankafuna kuona chachiwiricho.

Za mankhwalawo sindinena zambiri. Tsitsi lidathothoka, chakudya chinkabwerera, ndipo kutentha kwa ku Beira kudawazunza munthu wa kumapiri kuposa singano. Fodya adamusiya, koma ndudu imodzi yopichira kale inkakhala kukhutu, yosayatsa. Ine ndinkapita n'kumabwera, chifukwa kachewere wanga ku Kalomwe sakadadzigulitsa yekha.

Tsiku la chithunzi chachiwiri ndidalipo. Dotolo adaika zithunzi ziwirizo moyandikana, chakale ndi chatsopano, ndipo komputadolo idalemba yokha muyeso wake. Atsibweni manambalawo sadawayang'ane. Adatulutsa kansungwi kawo n'kukagundika pa galasi la komputadolo, uku ndi uku. Chotupa chidali chitabwerera pafupifupi theka, anabere ataphwa. Kenako adafunsa osamuyang'ana dotoloyo.

"Ndibzale chiyani?"

Dotolo adayang'ana ine. Ndidamufotokozera za nyemba, chimanga ndi pichesi, ndikuchita manyazi ngati ndikuulula za kuchipinda. Iye sadaseke. Adati pichesi sangalonjeze, koma chimanga abzale, ndipo mwina adzabzalanso china.

Ine ndidasangalala, Paulino adalira ndi chimwemwe pa foni, koma mwini wake nkhope idagwa ngati wauzidwa za maliro. Ndinkaganiza kuti ndi manyazi a munthu amene waphonya pa ntchito yake. Mankhwala atatha tidakwera machimbombo, basi yaikulu ija, kubwerera, ulendo wa tsiku lonse, iwo akuyang'ana panja. Titayamba kukwera mapiri athu, mphepo yozizira italowa, ndi pamene adalankhula.

"Marita, yanga ija pa shapa idali mizere inayi. Ya Dominiko idali itatu."



Tidafika chimanga cha a Rozariya chitauma m'munda. Ndinkayembekezera kuti amayiwo anena mawu, poti mwayi wotere subwera kawiri m'banja. Sizidatero. Adawapatsa moni, kuwapatsa madzi osamba, ndipo m'mawa mwake adawaikira dengu pakhomo. Atsibweni adalitenga n'kupita kukakolola chimanga chimene adaletsa kubzala. Anthu odutsa ankaima m'njira kuwayang'ana, munthu woyamba kuuzidwa za nyemba pa zenera lija n'kudzadya chimanga.

Mlandu suola. Asanabwerere ku Beira kukaonedwanso, adapita kwa a Naphiri kukapempha mashapa a malemu amuna awo. Kuno shapa sititaya, imakhala m'sutikesi pamodzi ndi makalata a ubatizo. A Naphiri adawapatsa osafunsa chifukwa. Ku Beira, dotolo atamaliza za iwo, atsibweni adatulutsa mashapa awiriwo n'kumupempha kuti awaone, ndi a mnzawo. Bokosi loonera mashapa m'chipindamo mudalibe, ndiye dotolo adaima pa zenera n'kuwakweza ku dzuwa, monga momwe iwo ankachitira. Adayang'ana nthawi ndithu. Adati chimene akuona n'chakuti pali chinthu ndipo chidakula pakati pa shapa yoyamba ndi yachiwiri. Koma kuti ndi chiyani, chidafika pati, kumbuyo kwa mtima kuli chiyani, chiwindi chili bwanji, shapa singanene. Mwina chidali cha mtundu umene mankhwala sagwira, ndipo mnzawoyo akadangovutika ndi ulendo. Mwina chidali ngati chawo. Mwinanso sichidali khansa n'komwe. Atsibweni adamukakamiza kuti angonena mbali imene akuganiza.

"Bambo, pa mashapa awiriwa ine sindingauze munthu chobzala."

"Ine ndidamuuza," adatero atsibweni, n'kuwakulunga.

Atabwerako adandipempha kuti ndiwaperekeze kwa a Naphiri, chifukwa phuma lidali litayamba kuwavuta pa chitunda. Tidawapeza pakhonde akusoka thumba la feteleza. Atsibweni adakana mpando. Adanjuta pansi, munthu wamkulu ngati uja, kuvula chipewa, n'kuika mashapa pa mphasa. Adati adalakwa. Adati sankadziwa, koma adalankhula ngati akudziwa, ndipo Dominiko adayenera kupita ndi giya yake ija.

A Naphiri sadasiye kusoka. Adafotokoza, mawu ali pansi, kuti tsiku limene adachoka pa zenera lija amuna awo adadya bwino koyamba pa miyezi yambiri. Adayenda ndi ana kuwasonyeza malire a minda, adaphunzitsa wodzalowa m'malo mwawo kutchalitchi, adakapepesa kwa mchimwene wawo amene sankalankhulana naye. Sankanena izi kuti awatonthoze atsibweni, ankangonena zimene zidachitika. Kenako adaluma ulusi n'kuwayang'ana.

"Inu mudali ndi mwana ku Beira. Ife tidali ndi zenera lanu basi."

Atsibweni adakankhira mashapa aja kwa iwo. A Naphiri adawabweza ndi chala.

"Sungani ndinu. Ine ndidamuika kale."

Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kudali kukhululuka kapena kugamula. Atsibweni adakutenga ngati kugamula. Atafika kunyumba adagundika mashapa awiri a a Dominiko pagalasi, adakhoma timisomali tiwiri m'mwamba kuti asagwe, ndipo sadawachotsenso. Anthu adapitiriza kubwera ndi zitenje zawo. Iwo ankawalandira, kuwapatsa mphasa, kumva za chifuwa chawo, koma shapa osaikhudza. Ankaloza pa zenera n'kunena kuti pali kale wodwala amene sadamalize naye. Kenako ankawauza kuti atenge giya apite, ndipo ankawalembera kakalata kopita nako kwa Paulino kuti akapeze pogona. Nyumba ya Paulino idasanduka chigono cha anthu a kwathu ku Angoniya otsokomola, mkazi wake mpaka adatsala pang'ono kulongedza.

Opita adalipo, koma ochepa. Mmodzi, bambo wa ku Lifidzi, adabwerako ali bwino ndipo ndi amene adanyamula mtanda pa misa ija. Ambiri adalibe woti awasiyire munda ndi ana, ndiye ankabwerera kwawo ndi shapa yosaonedwa, osadziwa chobzala, akutukwana m'njira kuti mkuluyu wachira yekha n'kutseka chitseko. Ine zidandipweteka, ndipo tsiku lina ndidawauza. Ndidati atsibweni, kale munkawapatsa anthu kanthu kogwira, ngakhale kolakwika, lero mukuwabweza chimanjamanja, kodi uku si kulakwa kachiwiri? Adati mwina ndi choncho. Adati koma kulakwa koyamba kuja ankakuchita akuimba nyimbo, ndipo sangakubwerezenso. Pamenepo nkhani idatha, chifukwa munthu wake akatseka pakamwa ngakhale apadiri sankamutsegula.

Chimanga adakolola katatu, kuwerengera cha a Rozariya chija. Chaka chachitatu taki idaonetsa timadontho m'chiwindi, ndipo dotolo uja adawauza mosazungulira kuti tsopano mankhwala angochepetsa ululu. Iwo adaona okha pa komputadolo, kansungwi sadakatulutse. Adamuthokoza, adamuuza kuti ali ndi maso abwino ndipo asadzafulumire kuyankha munthu, n'kubwera kwawo. Palibe adafunsa za chobzala. Masiku omalizira ankakhala pa mpando wawo m'chipinda chochezera m'mawa uliwonse, bulangeti m'miyendo, ndudu yosayatsa kukhutu, akuyang'ana mashapa a mnzawo. Nthawi zina ankadzuka, kuyeza, n'kukhalanso pansi. A Rozariya adawafunsa tsiku lina ngati mizere yasintha. Adati ayi, ikadali itatu. Adamwalira nyengo yozizira, m'mawa, anthu akupita kumadimba.

Titachoka ku misa Lamulungu lija tidakadya kunyumba kwawo. A Naphiri adabwera, adathandiza kuphika, koma m'chipinda chochezera sadalowe, adadyera kukhitchini. Chipindacho sichidasinthe kwenikweni. Mpando uja adautenga Paulino, ndiye pansi patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake idadya dothi. Kansungwi kali pa khoma m'munsi mwa zenera, pamene adakasiya. Tsopano palibe woletsa kolotina, ndipo ndidawafunsa a Rozariya kuti bwanji osaipachika, poti nkhondo ija apambana. Adati ili m'sutikesi, njenjete zidaiyamba kale, ndipo kuti aipachike ayenera kuchotsa mashapawo, koma sakudziwa woti amupatse. Ndiye ali pomwepo, apindika pang'ono m'makona chifukwa cha dzuwa. Mbali ya kum'mawa kulibe mtengo wotchinga. Tsiku lopanda nkhungu dzuwa likangotuluka limadutsa m'nthiti za a Dominiko n'kugwera pansi pamene pankakhala mpando, ndipo a Rozariya amasesa pamenepo n'kupita kumunda.